Alick Nkhata, Woimba wa pa Wailesi ya ku Lusaka

Masiku akale mnyamata wa ku Petauke kapena ku Nyimba akaoloka Luangwa kunka ku migodi kapena ku Salisbury kukafuna nchito, anali kusiya makolo ndi munda, ndiponso nyimbo za kwao. Ng'oma ndi kalimba zinali kutsala kumudzi. Mmodzi wa anthu amene anatengera nyimbo zotere ku makomboni, nazibvekanso cobvala catsopano, ndiye Alick Nkhata.

Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate wace anali Mtonga wa ku Nyasaland, amai wace anali Mbemba. Cotero anakula akumva zinenero zingapo. Pa nkhondo yaikuru yaciwiri anapita usilikari ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anali kuyendayenda ndi makina kutola nyimbo za m'midzi. Pa nchito imeneyi Nkhata anaona kuti nyimbo za makolo ndi cuma cimene cingathe kutayika ngati anthu a m'tauni acita nazo manyazi.

Mwai wace unadza ndi wailesi. M'caka ca 1949 kunafika kawailesi ka batire kooneka ngati sefuliya, ka mtengo wa £5, ndipo anchito wamba anakhoza kukagula. Nkhata analowa nchito ya kuulutsa mau ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka, kumene mau ace anali kumveka kufikira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Iye ndi anzace anali kutenga nyimbo ya kumudzi, kuiika pa gitala, ndi kuiimba m'Cibemba kapena m'Cinyanja. Anapekanso zace za moyo wa m'tauni, za cikondi, za mowa ndi za ndalama, monga ija ya "Taxi Driver". Wa ku migodi pakumva anali kukumbuka kwao, ndipo nkhalamba ya kumudzi inali kuzindikira umo ana ace akhalira kutali.

Koma njira sinali yosalala. Pa nthawi ya Citaganya ca 1953, anthu ambiri anakaikira wailesi cifukwa inali ya Boma, ndipo kunabuka mphekesera yakuti anthu a pa wailesi ndi "banyama", ogwira anzao usiku ndi kuwacotsa mwazi. Nkhata anapirira osaleka kuimba, ndipo dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 anakhala mmodzi wa akuru a wailesi ya Zambia.

M'caka ca 1974 anapuma nchito nakakhala pa famu yace ku Mkushi. Pa 19 October 1978 asilikari a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa ZIPRA umene unali pafupi, ndipo Nkhata anaphedwa pa cipolowe cimeneco. Anapulumuka ku Burma, koma nkhondo ya eni inampeza pakhomo. Mseu umene upita ku nyumba ya wailesi ku Lusaka uchedwa ndi dzina lace.