Chakudya cha Nyama Yabere ndi Kubereka kwa Mwana Wake Wamphongo

Mlimi akafuna tonde kapena nkhosa yamphongo yoti ichulukitse khola, amayang'ana thupi ndi msinkhu. Koma mbali ina ya mphamvu zobereka za nyamayo inakhazikika kale ili m'mimba mwa make.

Nkhani yagona pa maselo a Sertoli, omwe Enrico Sertoli wa ku Italy anawafotokoza mu 1865. Maselowa amakhala m'machende ndipo amalera mbewu ya umuna mpaka ikhwime. Selo lililonse limatha kulera mbewu zowerengeka zokha, choncho maselo akachepa, umuna nawo umachepa. Amachulukana mwana akali m'chiberekero ndiponso atangobadwa, kenaka n'kulekeratu nyamayo isanafike pa msinkhu wokwera. Mphongo yaikulu ngakhale idyetsedwe madeya ochuluka bwanji, maselo atsopano sabwera.

Mu 2002 Alejandro Bielli wa ku Uruguay ndi anzake anapeza kuti nkhosa zomwe zinachepetsedwa chakudya zili ndi bere zinaswa ana amphongo okhala ndi maselo a Sertoli ochepa. Ku Greece mu 2009 zinaonekanso chimodzimodzi pa nkhosa zomwe zinkalandira theka la chakudya choyenera kuyambira tsiku la 31 mpaka la 100 la bere. Makoswe nawo sanasiyane: ku Mexico mu 2005, Elena Zambrano anaona kuti amayi osowa mapuloteni anabereka amphongo a umuna wochepa.

Si kafukufuku yense amene akuvomereza. Ku Scotland, nkhosa zitachepetsedwa chakudya mpaka tsiku la 95 la bere, ana aakazi ndiwo anakhudzidwa, pomwe umuna wa amphongo sunasinthe. Mwina nthawi imene njala yagwera ili ndi mbali yake. Kukhutitsanso kuli ndi vuto lake: ku Aberdeen, misoti ya nkhosa itadyetsedwa mopitirira, chakudya chinapita m'matupi mwawo, nsengwa sinakule bwino, ndipo ana amphongo anabadwa ochepa thupi n'kuchedwa kukhwima.

Kuno kwathu bere la mbuzi, la miyezi isanu, likagwera m'chilimwe limakumana ndi msipu wouma wa Seputembala ndi Okutobala. Masangwe a mtedza, madeya ndi masamba a lukina, zomwe ambiri amasungira nyama yogulitsa, zimafunika kwambiri kwa mbuzi yabere imene mukuyembekezera kuti ikupatseni tonde wa m'khola.