Dzina la Buledi ndi Maulendo Ake

Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ya boma ku Dedza, ndidatsika pa Lizulu kuti ndigule ndiwo zamasamba. Pamenepa msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Mayi wina wa tsidya linalo adandiitana nati, "Bambo, gulani pau wamoto." Nditayang'ana m'dengu mwake ndidapeza kuti ndi buledi. Ndidadzifunsa kuti chakudya chimodzi chidapeza bwanji mayina awiri pa msika umodzi, pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi.

Yankho lake lili ku Ulaya. Ajeremani amati Brot, Angerezi amati bread, Adatchi brood, a ku Sweden bröd, a ku Denmark ndi Norway brød. Kufanana kumeneku sikudangochitika mwangozi. Zilankhulo zonsezi ndi za mbumba imodzi, monga momwe Chichewa, Chitumbuka ndi Chishona ziliri pachibale, ndipo liwuli adalilandira kwa kholo limodzi. Kumwera kwa Ulaya kuli mbumba ina yobadwa ku Chilatini, komwe chakudyachi chinkatchedwa panis. N'chifukwa chake Afalansa amati pain, Ataliyana pane, a ku Spain pan, Apwitikizi pão.

Mbumba ziwirizi zidakumana kuno ku Ntcheu. M'chaka cha 1891 Britain ndi Portugal adagwirizana za malire omwe adadula pakati dziko la Angoni a Maseko, ena kutsalira ku Angónia, ena kuno. Olamulidwa ndi Angerezi adapinda bread kukhala buledi, olamulidwa ndi Apwitikizi adapinda pão kukhala pau. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe idatha mu 1992, anthu ambiri othawa nkhondo adakhala m'boma lino, ndipo mawu awo tidawazolowera.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ife timati buledi, mbewu yake timaitchula m'Chipwitikizi. Tirigu amene alimi a ku Tsangano amalima dzina lake lidachokera ku liwu lakuti trigo. Choncho mu mtanda umodzi wa buledi muli Mngerezi ndi Mpwitikizi.

Amishoni nawo adabwera ndi mayina awoawo. Ansembe a chipani cha Montfort amene adatsegula mishoni ya Nzama mu 1901 adachokera ku France, kwawo kwa pain. Amishoni a Dutch Reformed, eni Mlanda ndi Nkhoma, kwawo ku South Africa ankati brood. Liwu lawoli lidamera mizu pakati pa Asutu ndi Atswana, omwe mpaka lero amati borotho, koma kuno silidaphuke. Pomasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka mu 1922, William Murray ndi anzake adasankha liwu lakuti mkate, lomwe anthu ankalidziwa kale ndipo limapezekanso m'Chiswahili. Agogo athu ankaphika mkate wa ufa wa chimanga ndi nthochi, wokulunga m'masamba. Ndiye chifukwa chake Lamulungu pa mgonero timanyema mkate, koma Lolemba ku golosale timagula buledi.

Palinso dzina lina lomwe ife Angoni tidalitaya panjira. Azulu amati isinkwa, ndipo Ashona ndi Atumbuka amati chingwa. Makolo athu atakwatira Achewa ndi Antumba, Chingoni chidayamba kuzilala, ndipo mawu ambiri otere adapita nacho.

Ndalemba izi chifukwa cha mkangano umene umabuka alembi tikakumana. Ena amati mawu obwereka amadetsa Chichewa, ndipo tiwachotse m'zolemba zathu. Ngati n'choncho tiyambe ndi kuvula nsapato, kung'amba kalata ndi kuzula mbatata, pakuti mawu onsewa ndi a Chipwitikizi. Angerezi eni ake adali ndi liwu lakale lakuti hlaf, koma bread adalikankhira pambali, ndipo chilankhulo chawo sichidafe.

Chimene chimapha chilankhulo ndi kusiya kuchilankhula, monga tidachitira ndi Chingoni. Liwu lachilendo likalola kupindidwa ndi lilime lathu, nkumatchulidwa ndi mwana wa ku Kasinje amene sadaponde m'kalasi, lasanduka lathu. Mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa, adatero akale. Tsiku lija ndidagula mapau asanu, ndipo nditafika kunyumba ana adathamangira kukateleka tiyi akufuula kuti ababa abweretsa buledi.