Mafunso ndi Mayankho: Kodi afidaviti inachokera kuti?

FUNSO: Nditapita kukakonzetsa dzina langa lomwe linalembedwa molakwika pa satifiketi, anandiuza kuti ndibwere ndi afidaviti. Kodi mawu amenewa amatanthauza chiyani, nanga anachokera kuti? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Afidaviti ndi umboni wolemba papepala, womwe mwiniwake amalumbirira kuti ndi woona, n'kusaina pamaso pa munthu yemwe lamulo linamupatsa mphamvu yolumbiritsa anthu, monga majisitireti kapena loya wovomerezeka. Popanda lumbirolo, pepalalo ndi kalata wamba, ngakhale litalembedwa mwaluso chotani.

Ambiri amayesa kuti mawuwa ndi Achingerezi, koma Angereziwo anachita kubwereka. Ndi a Chilatini cha m'makhoti ndi m'matchalitchi akale a ku Ulaya. Poyamba sanali dzina la chinthu ayi, koma mneni: affidavit ankatanthauza kuti "walumbira" kapena "walonjeza mokhulupirika". Tsinde lake ndi affidare, m'bale wake wa fides, lomwe ndi chikhulupiriro. Alembi a m'makhoti a ku England ankalemba mawuwa posonyeza kuti wakutiwakuti walumbiradi, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anayamba kutchula pepala lonselo ndi liwu limodzi lomwelo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 linali litakhazikika m'Chingerezi. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inachotsa Chilatini m'zolemba za makhoti kuyambira mu 1733, koma afidaviti inakakamira, mpaka inafika kuno pamodzi ndi malamulo a atsamunda.

Chosangalatsa n'chakuti Khoti Lalikulu la Malawi linalisiya liwuli pa milandu yomwe si yaupandu. Malamulo a kayendetsedwe ka milanduyi a mu 2017 amati sworn statement, kutanthauza mawu olumbirira, ndipo amene ankatsatira pa wailesi mlandu wa chisankho cha 2019 akukumbukira momwe maloya ankapanikizira mboni ndi mafunso pa zomwe zinalemba m'mapepala amenewa. Ife tikuona kuti kusinthaku kunali kwanzeru, chifukwa munthu ayenera kumva dzina la chomwe akusaina.

Amene chipembedzo chawo chimaletsa kulumbira amaloledwa kungotsimikiza kuti akunena zoona, ndipo mphamvu yake ndi yofanana. Koma inu a ku Zomba, muwerenge mzere uliwonse musanasaine, ngakhale wokulemberaniyo ali loya. Kunama mutalumbira ndi mlandu woti mutha kulowa nawo kundende, ndipo womangidwayo ndinu, osati wolemba.