Mfuti Itakana Mpando

Dr. H. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, anakhalako ku Kumasi m'dziko la Ghana asanabwerere kwao m'chaka cha 1958. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu, pa 24 February 1966, asilikali a dzikolo anachotsa pampando Kwame Nkrumah iye ali pa ulendo wakunja. Mfuti inalandanso boma la Ghana mu 1972, mu 1979 ndi mu 1981. Kaŵirikaŵiri mchitidwe wake unali wotere: Nyumba ya Malamulo kutsekedwa, zipani kuletsedwa, anthu n'kumva pa wailesi m'mamawa kuti ali ndi mtsogoleri watsopano amene sanamsankhe. Mu 1979 atsogoleri atatu akale a dzikolo, onse asilikali, anaphedwa pochita kuomberedwa.

Malaŵi sanalaŵepo zotere. Komatu mlimi wa ku Santhe, Chulu kapena Chamama sakanatchula boma la masiku amenewo kuti la demokalase. Olamula anali anthu wamba ovala masuti, koma chipani chinali chimodzi kuyambira mu 1966, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya. Mfuti zinaliko, zili m'manja mwa Apayoniya, gulu la achinyamata lomvera chipani osati akuluakulu a nkhondo. Munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo pa msika ngakhale pokwera basi. Nkhani ya fodya ndiyo inkapweteka mwakachetechete. Fodya wa bale, wa mtengo wabwino ku okushoni, unali wa eni maesiteti. Mlimi wamng'ono ankalima chikopa n'kugulitsa ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, apo ayi akalowe utenanti. Chitseko cha bale chinayamba kutsegukira alimi aang'ono cha m'ma 1990. Pamenepa mlimi wa ku Kasungu ndi mlimi wa koko wa ku Ghana anali mapasa: onse awiri analibe njira yochotsera wolamula amene wawalemera.

Njirayo inabwera pa 14 June 1993, pamene Amalaŵi oposa 63 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Chigawo cha Pakati, Kasungu ali momwemo, chinavotera chipani chimodzi, ndipo palibe chodabwitsa poti mwana ndi wawo.

Mayeso enieni anafika mu December chaka chomwecho. Apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, gulu la nkhondo linaukira malikulu awo ku Lilongwe pa 3 December, kenaka misasa yawo m'dziko lonse, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Apayoniya ambiri anathaŵira ku Mozambique. Taganizani mmene zinthu zinaliri. Kamuzu anali wodwala, atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu October, ndipo dziko linkayendetsedwa ndi bungwe la anthu atatu lotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. M'misewu ya Lilongwe anthu ankaombera m'manja asilikali. Panalibenso mfuti ina yoti n'kuwaletsa. Ku Accra kapena ku Lagos, m'mawa wotere unkathera pa wailesi, mkulu wa asilikali akuŵerenga chikalata cholanda boma. Asilikali a Malaŵi anatolera zida za Apayoniya n'kubwerera ku malo awo.

Akanakhala pampando, mwina akanaletsa katangale kwa miyezi ingapo, monga amalonjezera onse olanda boma. Koma chisankho chimene anthu anali atachimenyera nkhondo chikanadikira chifundo cha mwini mfuti. M'malo mwake chinachitika pa tsiku lake, 17 May 1994. Chigawo cha Pakati chinaimanso ndi Kamuzu, koma dziko linasankha Bakili Muluzi wa chipani cha UDF. Zotsatira zonse zisanalengezedwe, nkhalamba ya ku Kasungu inalankhula pa wailesi ya MBC, kuvomera kuti yagonja ndi kumfunira zabwino woloŵa m'malo mwake.