Usiku Wautali wa June

Ndikamaphunzitsa ku Lusaka kuti usiku wautali kwambiri pachaka umagwa cha pa 21 June, ndimakumbukira kwathu ku Chadiza. Ku Norway usiku wotere umabwera mu December. Makolo awo ankachita phwando la Jul Chikhristu chisanafike, ndipo dzinalo lidakalipo.

Ife tsikulo sitinalipatse dzina, koma nyengoyo tinkaidziwa. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, chisanu nkuyamba kuluma, banja lonse linkazinga moto, kandolo ali m'phulusa. Ambuya akati "Padangotero," ife tinkavomera: "Tili tonse!" Masana nthano ankaletsa, choncho mbiri ya mtundu wathu tinkaimvera pamotopo.

Dzulo malaiti atazima m'komboni, ndinati kwa ana anga, "Padangotero." Anangondiyang'ana. Ambuya anasiya nthanozo m'manja mwanga, ndipo wozisunga osazinena ndine.