Kufufuza Mbiri ya Makolo Athu m'Mabuku a Mpingo ku Rumphi

Akhristu ambiri amafika ku ofesi ya parishi kudzafunsa za agogo awo: anabadwira kuti, anabatizidwa liti, ukwati anadalitsira kuti. Pano tikufotokoza kumene mayankho angapezeke, makamaka kwa mabanja ochokera m'boma la Rumphi.

Tiyambe ndi akuluakulu a kumudzi. Kale boma silinkalemba ana onse obadwa, ndipo lamulo lokakamiza kutero linayamba kugwira ntchito mu 2015. Choncho dzina la kubadwa, mfunda monga Gondwe, Msiska kapena Mhango, mudzi ndi mfumu yake zimasungidwa m'mitu ya okalamba. Tiwafunse akadali moyo, ndipo tilembe zimene anena.

Kenaka tipite ku kaundula wa Ubatizo. Malamulo a Eklezia, ndime 535 ndi 877, amalamula kuti parishi iliyonse ilembe dzina la wobatizidwa, makolo ake, omuimirira, wansembe, malo ndi tsiku. Pa tsamba lomwelo amawonjezeraponso Ulimbitso ndi Ukwati, ngakhale munthuyo atalandirira kwina masakramentiwa. Nchifukwa chake mzere umodzi ungathe kutionetsa ulendo wa moyo wonse. Tichenjere ndi maina: m'mabuku ena akale Yohane analembedwa Joannes, Petulo analembedwa Petrus, m'Chilatini.

Tidziwenso parishi yoyenera kufunsako. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Katete ku Mzimba mu 1938. Chigawo cha kumpoto chinayamba kuyendetsedwa pachokha mu 1947 pansi pa Monsinyo Marcel St Denis, ndipo chinakhala Dayosizi ya Mzuzu mu 1961. Mu 2010 mbali ina ya Rumphi inalowa mu Dayosizi yatsopano ya Karonga. Dzina la agogo lili m'buku la mishoni imene inkayang'anira mudzi wawo pa nthawiyo, osati m'parishi imene inatsegulidwa pambuyo pake.

Amene anabatizidwa zaka izi zisanafike, kawirikawiri anali a Mishoni ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894. Za iwowa tikafunse mwaulemu kwa abale athu a Sinodi ya Livingstonia, kapena ku National Archives ku Zomba. Ngati agogo anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, tifufuze m'masutikesi akale: chitupa, kalata kapena chithunzi zingatipatse chaka.

Akatekisti, ntchito iyi si yongokondweretsa mtima. Ndime 1091 imaletsa ukwati wa achibale apafupi, monga ana a anthu obadwa bere limodzi, ndipo kaundula amathandiza kuzindikira ubalewo. Komanso m'mwezi wa Novembala timapempherera akufa powatchula maina. Tilembe molondola dzina lililonse lero, pakuti adzukulu athu adzalifuna mawa.