Zidole za anthu oipa a m'nkhani zojambula

M'misika ya ku Milange ndi kuno ku Molumbo mumapezeka zidole za pulasitiki zooneka ngati anthu. Zina ndi zatsopano, ndipo zambiri mwa izo zimapangidwa ku China. Zina ndi zakale, zobwera pamodzi ndi katundu wa kaunjika. Mikono ndi miyendo yake imapindika.

Pakati pa zidolezi pali zina za nkhope yoopsa. Mwana akaloza chotere, makolo ena amakana. Amati, "Chimenecho n'cha ufiti, chisalowe m'nyumba muno." Komatu chidolecho ndi chifaniziro chabe cha munthu wa m'nkhani yopeka. Chinapangidwa ku fakitale, monga amapangira beseni kapena ndowa.

Kumene zinachokera

Ku America kuli timabuku tofotokoza nkhani ndi zithunzi zojambula pamanja. Mawu amakhala ochepa, olembedwa pafupi ndi pakamwa pa wolankhulayo. Pa Chipwitikizi timabukuti amati banda desenhada. Makampani akuluakulu otisindikiza ndi awiri: DC ndi Marvel.

M'nkhani zimenezi mumakhala ngwazi yoteteza anthu, ndiponso mdani wake wofuna kuwononga. Nkhanizo zitatchuka, anayamba kupanga zidole za anthu a m'menemo. M'chaka cha 1964 kampani ya Hasbro inatulutsa chidole cha msilikali chotchedwa G.I. Joe, chopinda mikono ndi miyendo. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Mego inapanga zidole za ngwazi za m'timabuku tija pamodzi ndi adani awo.

Mayina awo

Joker ali ndi nkhope yoyera, tsitsi lobiriwira ndi kamwa lofiira loseka. Ndi mdani wa Batman. Anayamba kuoneka m'chaka cha 1940.

Lex Luthor ndi wadazi, wanzeru ndiponso wolemera. Amadana ndi Superman. Nayenso ndi wa 1940.

Green Goblin ndi wobiriwira, wa makutu osongoka. Amalimbana ndi Spider-Man, uja wa zovala zofiira amene mumamuona pa zikwama za ana a sukulu. Stan Lee ndi Steve Ditko ndiwo anamupeka mu 1964.

Thanos ndi chimphona cha chibwano chachikulu. Anamupeka Jim Starlin mu 1973.

Killmonger ndi mdani wa Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda. Ambiri anamudziwa kudzera mu filimu ya 2018.

Bwanji kupanga chidole cha munthu woipa?

Takumbukirani nthano za agogo athu. Mukachotsamo Fisi ndi dyera lake, Kalulu apusitsa ndani? Nthano imakoma chifukwa muli woipa, ndipo pomaliza ana amaona kumene dyera limafikitsa munthu. Mwana akakhala ndi zidole ziwiri, ngwazi ndi mdani, amapeka nthano yakeyake. Ndi mmenenso amachitira ana oumba ng'ombe zadothi kudambo n'kumazimenyanitsa.

Achewa amadziwa kale kuti nkhope yoopsa itha kuphunzitsa. Zilombo zina za Gule Wamkulu zimaonetsa khalidwe loipa kuti oonera alipewe. Kusiyana kwake n'kwakuti Gule ndi mwambo wolemekezeka, pamene zidolezi ndi malonda basi.

Akuluakulu ozisunga

Si ana okha amene amagula zidolezi. M'mayiko ena akuluakulu amazisonkhanitsa n'kuziika pa shelefu. Chidole chakale, chosowa, chimene chikadali m'bokosi lake losatsegula, chimagulidwa ndalama zambiri. Koma chothyoka mkono, chofufutika utoto, kapena chongotsanzira chenicheni, mtengo wake ndi wochepa. Zambiri za m'misika yathu zili m'gulu limeneli. Choncho munthu asakunamizeni kuti mugule chidole modula ati mudzalemera nacho.

Musanagule, onani izi

Choopsa pa chidole si nkhope yake ayi. Choopsa ndi tizidutswa take. Mwana wamng'ono amaika chilichonse m'kamwa. Kamutu, kadzanja kapena kamfuti ka chidole kakathothoka, katha kumutsamwitsa mpaka kulephera kupuma.

Apa m'pamene kuwerenga kumathandiza. Yang'anani pa bokosi kapena pa pepala lake. Mukaona chozungulira chofiira chodulidwa ndi mzere, m'kati muli kankhope ka mwana ndi manambala 0-3, ndiye kuti chidolecho sichoyenera mwana wosakwana zaka 3. Mukaona 4+, n'cha mwana wa zaka 4 kupita m'tsogolo.

Cha kaunjika sichikhala ndi bokosi. Chikokeni mutu ndi mikono muli pamsika pomwepo. Ngati china chikugwedera, chisiyeni. Ngati chimayaka kapena kulira, muli batire. Timabatire tating'ono tokhala ngati batani ndi toopsa kwambiri. Mwana akameza kamodzi, kamaotcha kummero. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati adwale. Mukafika nacho kunyumba chidole chakale, chitsukeni ndi sopo.

Ndalama zikavuta, musadandaule. Dothi, waya ndi zitsononkho zilipo. Mwana atha kuumba yekha Fisi ndi Kalulu, inu n'kumuuza nthano yake madzulo.

Mafunso okambirana

1. Tchulani adani awiri a m'nkhani zojambula ndi ngwazi zimene amalimbana nazo.
2. Kodi chizindikiro cha 0-3 chimatanthauza chiyani?
3. Mwana akameza batire, muyenera kuchita chiyani?
4. Lembani mizere itatu ya nthano imene muli munthu kapena nyama yoipa.